Kamera Imaiwala Pakatha Masabata Awiri

Ndakhala pazenera la ofesi yathu zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu ambiri amandidziwa kuti ndine mayi wamwano uja wa pazenera lachitatu. Sindikana. Mukamakhalira kuuza anthu tsiku lonse kuti fomu yawo ilibe chidindo, pakamwa pamauma ndithu. Koma lero sindikunena za ine. Ndikufuna ndinene za a Kadzidzi, amene anapuma pantchito chaka chatha popanda ndi mmodzi yemwe woimirira kuti anene mawu awiri owayamika. Zimenezo zimandiwawa mpaka pano.

Dzina limeneli tinawapatsa ndife, ndipo ndikaganiza bwino woyambitsa ndinali ine. Ankagwira ntchito m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kopanda zenera, getsi lozimitsa, maso ali tong'o pa masikirini anayi oonetsa mphambano za mumzinda. Akatuluka masana ankaphethira ngati dzuwa lawalakwira. Anali bambo wamfupi, wotsimphina mwendo wakumanzere, wa jekete imodzimodzi yotuwa, kaya kukutentha kaya kukuzizira. Tikawaitana dzinalo ankangoyankha, osakwiya. Ankati bola ife tikuwaona, chifukwa anthu onse amene iwo ankawayang'ana tsiku lonse sankadziwa n'komwe kuti alipo.

Asanalowe m'kachipindako anali wokonza maloboti, magetsi aja olamula magalimoto kuima ndi kuyenda. Anatha zaka makumi awiri akukwera makwerero, kusintha mababu, kupukuta magalasi ndi kutsegula timabokosi ta mawaya m'mbali mwa msewu, madalaivala akuwatukwana kuti akuchedwetsa anthu. Tsiku lina lole inakhudza makwerero iwo ali pamwamba. Anagwa, chiuno n'kuthyoka. Woyendetsa loleyo anakanitsitsa kwamtuwagalu, ati bamboyo waterereka yekha, ndipo panalibe woikira umboni chifukwa nthawi imeneyo makamera kunalibe. Nkhani inathera pomwepo. Makamera atabwera, mabwana anaona kuti munthu wosatha kukwera makwerero angathe kukhala pampando, n'kuwapatsa kachipindako. Kunyumba anali ndi mayi osoka zovala ndi ana aakazi atatu, onse ali pabanja. Kuntchito ankabwera ndi tiyi wa m'fulasiki, ndipo sindinawaonepo atachedwa.

Tsono mumve mmene zinthu zimayendera kwathu. Makina amene amasunga kanema wa makamera amasunga masiku khumi ndi anayi basi. Tsiku lakhumi ndi chisanu likakwana, kanema watsopano amalemba pamwamba pa wakale, ndipo wakaleyo wapita, olo mulire motani. Lamulo limati kanema amaperekedwa kwa munthu yekhayo amene wabwera ndi kalata yodindidwa ya kupolisi. Munthuyo amaonera, amasaina, ine ndimadinda, ndiye amanyamula disiki mu envelopu yomata kupita nayo kwa wapolisi amene akufufuza. Ngati kanemayo anafufutika, ndimadinda chidindo china chonena kuti palibe, munthu n'kumapita.

Amene analemba lamuloli sanaferedwepo, ndikuuzani. Ndani amaganiza za kamera mtembo uli m'nyumba? Munthu amayamba walira, waika maliro, waperekeza alendo, wakhala pansi n'kuyamba kumva zimene anthu akunena. Akamadzakumbuka kuti pamphambano paja pali kamera, sabata yatha. Kalata ya kupolisi imadyanso sabata yake. Pofika pazenera panga amakhala atachedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri. Chidindo cha palibe ndinachidinda mpaka chinalimbirira m'dzanja.

A Kadzidzi anaziona zimenezi chaka chawo choyamba, ndipo sanalembe kalata yodandaula kwa aliyense. Anangoyamba kachitidwe kawokawo. Akaona ngozi pasikirini, kapena akangomva kuti pamphambano yakuti pachitika zakuti, ankakopera kanemayo pa disiki tsiku lomwelo, mphindi khumi ngozi isanachitike ndi mphindi khumi itachitika. Ankaika mu envelopu, kulemba tsiku, nthawi ndi mphambano ndi zilembo zikuluzikulu, n'kutsekera m'kabati yachitsulo. Palibe anawatuma. Bwana wina anawakalipirapo kuti ofesi ino si mosungira zakale, iwo anati chabwino bwana, mawa lake n'kupitiriza. Ife pa tiyi tinkawajeda kuti munthu wanji wotolera ngozi za eni ngati amapeza nazo kanthu. Ndinaseka nawo, ndipo ndili ndi manyazi.

Anali ndi lamulo lawonso lina. Sankanena zimene zili m'kanema mwiniwake asanaone ndi maso ake. Mukawafunsa ankati iwo si woweruza, ntchito yawo ndi kuyatsa ndi kuzimitsa. Wobwerayo akakhala mayi, ankandiitana kuti ndikakhale naye pambali. Ine wa pakamwa polasa ndinaphunzira kugwira munthu dzanja m'kachipinda kameneko.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera mayi wa zaka ngati makumi anayi, wowonda, milomo yosweka, atagwira kalata ndi manja awiri. Pambuyo pake panali mlamu wake, mng'ono wa malemu amuna ake, mwamuna wa mawu aakulu wokonda kumenya thabwa la pazenera ndi chala. Amene anafotokoza ndi mlamuyo. Mkulu wake anali dalaivala wa vani yogawa buledi m'mashopu, zaka makumi awiri ndi ziwiri pachiwongolero osakandako galimoto ya munthu. M'mawa wina, nthawi itangopitirira sikisi, pamphambano ya pafupi ndi msika, kagalimoto ka mphunzitsi wina kanaomba vaniyo pachitseko cha dalaivala, vani n'kukadziguguda papholo la magetsi. Dalaivalayo anamwalira asanafike kuchipatala. Mphunzitsiyo anathyoka mwendo ndi nthiti, ndipo anali chigonere m'chipatala, apolisi akudikira kuti achire amutsegulire mlandu. Ogulitsa malonda awiri anali atanena kale kuti kagalimotoko kanadutsa pa chofiira. Anthu amakonda kuikira kumbuyo wakufa.

Koma mphunzitsiyo, ali chigonere chomwecho, ankaumirira kuti amene ananyamuka pa chofiira ndi wa buledi, ndipo mawu amenewa anafika kusukulu kumene ana awiri a malemu amaphunzira. Wamkulu anamenyana ndi mnzake, wamng'ono anasiya kudya. Apa ndi pamene mayiyo anayankhula koyamba, motsitsa mawu moti ndinachita kusendera kufupi ndi galasi. Anati iye safuna kuti wina amangidwe. Akungofuna ana ake adziwe kuti bambo awo sanalakwe, ndipo wawalonjeza pochoka kuti abwera ndi umboni.

Ndinawerenga masiku pakalendala ndi cholembera. Linali tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi chichitikireni ngoziyo. Sindinade nkhawa n'komwe, chifukwa ndinkadziwa za kabati ija. Ndinawauza kuti akhale pabenchi, n'kupita kumapeto kwa khonde ndikumva kukoma kuti lero tithandiza munthu.

A Kadzidzi anawerenga kalatayo ataibweretsa pafupi ndi kuwala kwa sikirini. Anaibwereza kachiwiri. Kenako anaiika patebulo, n'kuvula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi jekete. Anapukuta nthawi yaitali kwambiri. Ndinagwira nawo ntchito zaka zokwanira kuti ndimve zimene sananene.

Ndinatseka chitseko. Ndinawauza kuti masiku anadutsa kale, ndipo palibe pepala lililonse muofesi muno losonyeza kuti disikiyo ilipo. Ndikadinda palibe, sindinaname kwa munthu, chifukwa m'makina mulibedi. Mayiyo apita akulira, inde, koma apita ndi mwamuna wake wosalakwa, ndipo ana akula mitu ili m'mwamba. Ndinayankhula zambiri, zina zosayenera. Ndinati kodi iwo akufuna kupha munthu wakufa kachiwiri? Ndinati kabati yawoyo anaiyambitsa kuti izipukuta anthu misozi, osati kuwathira tsabola m'maso.

Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anati, "Achemwali, uja wagona m'chipatala uja ali ndi ndani woti abwere pazenera panu?"

Ndinapsa mtima. Ndinati ameneyo ali moyo, adziyankhulira yekha. Iwo anati nawonso anali moyo tsiku lija la makwerero, ndipo anayankhula mpaka kukhosi kunauma. Sanakweze mawu. Anatsegula kabati, anayendetsa chala pamaenvelopu, anasolola imodzi, n'kundiuza kuti ndikawaitane. Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaiponya kabatiyo pansi pa masitepe.

Atalowa, a Kadzidzi anapatsa mayiyo mpando wawo, iwo n'kuima chotsamira khoma. Mlamu anaima pakhomo manja m'thumba. Ndiye anachita chimene sindinawaonepo akuchita zaka zonsezo. Asanayatse chilichonse, anauza mayiyo kuti m'makina kanemayo anafufutika masiku asanu apitawo, ndipo imene ili m'manja mwawo ndi imene anasunga okha popanda wowatuma. Anati ngati mayiyo afuna, angathe kudzuka n'kumapita osaona, ndipo palibe angamunene.

"Koma ndisakunamizeni, mayi," anatero. "Mukapita, ineyo ndiipereka ndekha kupolisi. Sindingaisunge munthu akukamangidwa. Ndangoti musaone mokakamizidwa."

Mlamu anayamba pomwepo. Anati amadziwa kale kuti mphunzitsi uja wafika kuno ndi abale ake, anati makanema amasiku ano amakonzedwa pakompyuta, anati madalawa afotokoze bwino amene wawatuma. Mayiyo sanamuyang'ane. Anayang'ana a Kadzidzi nthawi yaitali, kenako anaika chikwama chake pansi n'kunena kuti yatsani, bambo. Ndinakoka sitului n'kukhala pambali pake.

Kamera ya pamphambano imeneyo ili pamwamba, imaona msewu wonse ngati mwasuzumira pakhonde la nyumba yosanja. Kunali kutangocha, msewu wonyowa pang'ono, amayi awiri akutsitsa madengu. A Kadzidzi analoza ndi cholembera loboti yoyang'ana kumene vani ichokere, ndi ina ya m'mbali yolamula msewu wopingasa. Kanema wathu alibe mawu. M'chipindamo munkangomveka kafani ka makina.

Vani yoyera inatulukira kumunsi kwa sikirini, inayenda bwinobwino, inaima pamzere. Chofiira. Galasi la dalaivala linali lotsitsa, chigongono chili panja, malaya opinda mpaka m'mwamba. Mayiyo anatulutsa kampweya, n'kundigwira dzanja yekha ndisanamugwire. Tinamuona bamboyo akukanda kukhosi, akuwongola kagalasi koonera kumbuyo, akugogoda chitseko ndi zala ngati muli nyimbo. Kenako anasendera kutsogolo, chifuwa pachiwongolero, n'kupendeketsa mutu kuyang'ana loboti ya m'mbali ija, osati yake.

"Ayi," anatero mayiyo, vani isanasunthe n'komwe. "Ayi, bambo a ana, musatero."

Loboti ya m'mbali inasintha kuchoka pa chobiriwira kupita pa chachikasu, kagalimoto kofiirira kali kale pamzere. Vani inanyamuka. Yake inali ikadali yofiira, yofiira ndithu, yoti ngakhale mwana sangaikayikire. Zotsatira zake sindinena. Ndinayang'ana pansi, ndipo dzanja langa linapweteka masiku awiri.

A Kadzidzi anaimitsa kanemayo. Mayiyo sanakuwe, sanagwe pansi monga ndinkaopera. Anayamba kuyankhula maso ali pasikirini, ngati akuuza sikiriniyo. Anati amuna ake ankatero masiku onse. Akafika pamaloboti sankayang'ana yawo, ankayang'ana ya anzawo, ikangoti chikasu iwo anyamuka, kuti chobiriwira chiwapeze ali kale m'njira. Ankanyadira kuti loboti sinawapezepo akugona, ndipo anzawo kuntchito ankawatama kuti buledi wawo amafika akadali wofunda. Iye anakwera nawo kambirimbiri. Poyamba ankawaletsa, kenako anazolowera, mpaka ankaseka nawo akasiya magalimoto ena ali chiimire.

Apa a Kadzidzi anakhosomola, n'kunena kuti nawonso ali ndi mawu. Anati vaniyo ankaidziwa. Inkafika pamphambanopo nthawi yomweyomweyo m'mawa uliwonse, iwo akungothira tiyi woyamba, ndipo zaka zitatu anaiona ikunyamuka chomwecho. Sinali yokha, madalaivala ambiri ozolowera njira amatero, koma iyi inali yosaphonya. Kangapo konse anaganiza zolawira tsiku lina, akaime pamphambanopo, akagogode pagalasi n'kumuuza bamboyo kuti pali munthu amene amamuona ndipo akuchita mantha. Koma mwendo, koma ntchito, koma adzati ndine ndani. Ankangoti mawa.

"Pepani, mayi," anatero. "Ndinkawaona, ndipo sindinapite."

Ndinawayang'ana ndipo ndinaona kuti akulira, mwakachetechete, misozi ikulowa m'makwinya. Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo. Ndinazindikira kuti envelopu imeneyi anakhala nayo masiku khumi ndi asanu ndi anayi akudziwa zonsezi, akubwera m'mawa uliwonse kudzayang'ana mphambano yomweyo pa nthawi yomweyo, vani osabwera.

Mlamu anali atakhala pansi penipeni, pasimenti, msana pachitseko. Mawu aakulu aja anali atapita. Anayamba kuchonderera. Anati alamu, tiyeni tizipita, ife sitinaone kanthu. Anati madalawa akafuna kupereka apereke okha, koma dzanja la m'banja mwathu lisakhudze chinthu chimenechi. Anati ana tikawauza kuti kanema anafufutika, zikadzamveka zidzamveka patsogolo atakula. Kunena zoona, ine ndinali kumbali yake. Ndinatsala pang'ono kunena kuti mverani alamu anu, mayi.

Mayiyo anafunsa a Kadzidzi ngati mphunzitsiyo ali ndi ana. Iwo anati sakudziwa. Anafunsa ngati akanatha kuima. Iwo anabweza kanemayo pang'ono, anamuonetsa pamene kagalimotoko kanali chikasu chikuyaka, n'kunena kuti ayi, ngakhale mabuleki atsopano sakanamuimitsa. Mayiyo anagwedeza mutu. Anati masiku onsewa wakhala akutemberera munthu ameneyo pogona ndi podzuka, ndipo tsiku lina anafika mpaka pageti la chipatala kuti akamuone nkhope, koma anabwerera pagetipo.

Anapempha kuti abwezenso pamene vani yangoima. A Kadzidzi anabweza. Tinaonanso chigongono chija, zala zija zikugogoda chitseko. Bamboyo asanasendere kutsogolo, mayiyo anati basi, zimitsani pomwepo. Anapukuta kumaso ndi m'mphepete mwa mpango, anatola chikwama chake, n'kundifunsa kuti asaine pati.

Tinabwerera kuzenera. Ndinamupatsa fomu ndi cholembera, ndipo ndinamuuza, ine amene sindiuza munthu kawiri, kuti sakukakamizidwa, a Kadzidzi apititsa okha. Anati wamva. Dzina linatuluka mokhota, koma analimaliza. A Kadzidzi anabwera akutsimphina ndi envelopu yomata, n'kuipereka ndi manja awiri. Zidindo zonse ziwiri zinali patsogolo panga. Ndinatenga choyenera, ndinadinda, ndipo sindikumbuka tsiku lina limene chidindo chinandilemera chotero.

Mlamu anayesa komaliza, ali chiimire pambali. Anafunsa kuti nanga ana akawauza chiyani, poti akudikira pakhomo.

Mayiyo analowetsa envelopu m'chikwama, n'kutseka zipi bwinobwino.

"Ndikawauza kuti bambo awo anali munthu wabwino, ndipo analakwitsa," anatero. "Akamve kwa ine, alamu, asakamve kusukulu. Tiyeni, mundiperekeze kupolisi."